Ndikasiya nyama ndidzatha magazi?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera imelo. Akuti kuchipatala anawapeza ndi BP yokwera, ndiye aganiza zosiyiratu nyama ndi nsomba. Koma bambo akunyumba ndi apongozi akuwaopseza kuti atha magazi, azingodwaladwala. Akufunsa ngati munthu angakhale wathanzi osadya zankhuli, komanso ngati BP ingatsike.

Mayi, n'zotheka ndithu. Koma apongozi anuwo musawaseke, pali pena pamene akunena zoona.

Ubwino wake ulipo. Akatswiri a pa yunivesite ya Loma Linda ku America akhala akutsatira Akhristu a Seventh-day Adventist kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti osadya nyama amakhala ndi BP yotsikirapo, sanenepa kwambiri, ndiponso matenda a shuga sawagwira kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo odya nyama. Mu 2015 nthambi yoona za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inalengezanso kuti nyama zokonzedwa kufakitale, monga soseji ndi polony, zimayambitsa khansa ya m'matumbo.

Komabe chothandiza kwenikweni ndi chimene mwaika m'mbale pamalo pa nyamayo. Taganizani: ambirife nyama timaiona mwezi ukatha kapena pa Khirisimasi, koma kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'dziko muno, mmodzi anali ndi BP yokwera. Munthu akhoza kulumbira kuti nyama anasiya, masana n'kumadya tchipisi cha pachiwaya, madzulo mitanda inayi ya nsima ya ufa woyera ndi soya pieces zosambira m'mafuta, zothira kapaketi ka zokometsera, mchere winanso pamwamba. Ameneyo BP yake sitsika. A WHO amati mchere usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wobisika mu buledi ndi m'mapaketimo. Inu yambirani pamenepo.

Mwayi wathu kuno ku Mzuzu ndi wakuti ndiwo sizisowa. Mukazungulira mumsika waukulu kapena ku Zigwagwa mupeza nyemba zamitundumitundu, khobwe, nzama, nandolo, mtedza, soya. Tsiku lisadutse osadya chimodzi mwa zimenezi. Chimanga chili ndi mapuloteni opereŵera, nyemba zimakwaniritsa chosoŵacho, n'chifukwa chake nsima ya mgaiwa ndi nyemba si chakudya chonyozeka ayi. Bonongwe, nkhwani, chisoso ndi chigwada muzitendera nsinjiro m'malo mokazinga, koma mtedza wake muzisankha bwino, wachuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi. Mapeyala, nthochi, mbatata yofiira mkati, bowa wa nthawi ya dzinja, zonsezi zili pakhomo.

Tsopano za apongozi aja. Ayironi, amene thupi limapangira magazi, alimo mu nyemba ndi m'masamba, koma thupi silimutenga mosavuta ngati wa mu nyama. Chimene chimathandiza ndi vitamini C: tomato wosaphika, gwafa, lalanje kapena mandimu pa chakudya chomwecho. Chimene chimasokoneza ndi tiyi ndi khofi. Ndikudziwa kuti mu Juni ndi Julayi, ndi kuzizira kwa kuno, kapu ya tiyi sichoka m'manja, koma muzidikira ola lathunthu mukatha kudya. Kwa inu amayi amene mukadali kusamba mwezi ndi mwezi, nkhani imeneyi si yocheza.

China chovuta kuposa apa ndi vitamini B12. Ameneyu m'masamba, mu nyemba kapena m'zipatso mulibe, amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Chiwindi chimamusunga kwa zaka, ndiye munthu amakhala bwinobwino poyamba, n'kumauza anzake kuti zija n'zabodza. Kenako kumabwera kufooka, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala, ndipo mitsempha ikawonongeka kwambiri sichira yonse. Choncho mazira, mkaka ndi chambiko musazisiye. Mukafuna kusiya ndi zimenezi zomwe, muyenera kumwa mapiritsi a B12. Ngati mumamwa metformin wa shuga, awuzeni adokotala, chifukwa nayenso amachepetsa vitamini ameneyu.

Maganizo anga ndi awa: ngati chifukwa chanu ndi BP chabe, osati chipembedzo kapena chisoni ndi ziweto, sindikuona chifukwa chothamangitsira usipa wa ku Nkhata Bay. Timadya ndi minga yomwe, choncho umapereka kashiamu wolimbitsa mafupa kuwonjezera pa B12 uja. Chotsani kanyenya wonona, mang'ina, soseji. Ndipo ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena pali ana aang'ono pakhomo, musawadule zochokera ku nyama musanakambirane ndi a kusikelo. Paja unduna wa zaumoyo umaphunzitsa magulu 6 a zakudya, ndipo gulu la zochokera ku nyama ndi limodzi mwa iwo.

Mankhwala a BP musasiye chifukwa choti mwasintha kadyedwe. Pitirizani kumwa, muzikayezetsa, ndipo pakatha miyezi ingapo mupemphe akuyezeninso kuchuluka kwa magazi. Zotsatirazo mukawaonetse apongozi. Bambo akunyumba musawakakamize, muziwaphikira kankhuku kawo pambali, koma mchere wokha uchepe m'miphika yonse.