Tikufuna kuweta nkhuku pakhomo, tiyambire pati?

Funso: Akonzi, ine ndi bambo akunyumba tagwirizana zoti tiyambe kuweta nkhuku kuseri kwa nyumbaku, ana ndiye sakugona n'komwe ndi chisangalalo. Tigule anapiye kapena zazikuluko, nanga zingati? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, yambani ndi misoti 5 kapena 6 basi. Anapiye ndiovuta kwa oyamba kumene, amafuna kutentha usana ndi usiku kwa masabata angapo komanso mudikira miyezi 5 kapena 6 kuti muone dzira loyamba, ana mpaka kugwa ulesi. Thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, koma ngati mukufuna anapiye ndiye tambala mmodzi amakwana mathadzi 10, mazira amaswa pakatha masiku 21.

Koma chonde mangani kaye khola musanagule, losadontha, lopita mphepo, lotseka bwino usiku. Chitopa ndiye musachitengere mwamasewera, chilibe mankhwala ndipo chimatha kupulula khola lonse pamasiku ochepa, ndiye katemera asamaphonye, alangizi a ziweto akuuzani nthawi yake. Nkhuku yachilendo muziyamba mwaipatula masabata awiri.

Anawo apatseni ntchito yotola mazira ndi kusintha madzi m'mawa uliwonse, akamaliza azisamba m'manja ndi sopo.