Dizilo, kutentha ndi tirela pa ulendo wa Joni mpaka Blantyre

Mphwanga, wafunsa mmene geni yonyamulira anthu katundu kuchokera kuno ku Joni imayendera, komanso ngati n'zoona kuti galimoto imamwa mafuta ochepa usiku chifukwa mpweya umakhala wozizira.

Geni yake siyovuta kuimva. Anthu amabweretsa mafiriji, matiresi, njinga ndi mabelo a zovala, timamvana mtengo poona kukula ndi kulemera, n'kulemba dzina la wolandira pa katundu aliyense. Hilux ndi tirela zikadzaza timagwira msewu wa N1: Polokwane, Musina, Beitbridge, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, n'kulowera pa Mwanza pomwe a MRA amawerengera msonkho. Chimene chimadya ndalama kwambiri ndi dizilo. Ukalakwitsa masamu a malita, ulendo wonsewo wagwirira ntchito mwini pampu.

Tsono za mpweyazo, amene anakuuzayo ananena theka. Injini imawotcha mafuta pamodzi ndi mpweya, ndipo mpweya wozizira umakhala wothinana, umalowa wambiri. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mpweya wolowa umachepa ndi pafupifupi 3 peresenti. Mu paipi yopita ku injini muli kasensa komwe kamauza kompyuta ya galimoto kutentha kwa mpweyawo, iyo n'kupima mafuta oyenera. Ndiye chimene kuzizira kumakupatsa ndi mphamvu. Mafuta amathera pa phazi lako: galimoto ikafooka ndi kutentha uli ndi tirela kumbuyo, umaponda moto kwambiri, umatsitsa giya, AC nayo ili pa ntchito.

Msewu wathuwu umakuonetsa zonse ziwiri. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka moti galimoto yopanda turbo imakoka mwaulesi ngakhale m'mawa wa June kuli chisanu pa udzu. M'mawa woterowo injini isanatenthe imamwanso mafuta ambiri, choncho usaimike galimoto ikulira mphindi makumi awiri ati kuitenthetsa, ingonyamuka pang'onopang'ono. Tete ili kunsi, m'chigwa cha Zambezi, mpweya ulipo wokwanira, koma mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40. Ukachoka pamenepo n'kuyamba zitunda zopita ku Zobue masana, dzuwa lili paliwombo.

Pa dizilo ya turbo, yang'anira intercooler. Turbo ikapanikiza mpweya umatentha, ndipo intercooler, yomwe imaoneka ngati karadiyeta kakang'ono, ndiyo imauziziritsa usanalowe mu injini. Ulendo wina galimoto inayamba kufooka titangodutsa Tete, utsi wakuda kumbuyo, singano ya mafuta ikutsika ndikuiona ndi maso. Ndinaganiza kuti andigulitsa dizilo wosakaniza, mpaka ndinanyoza anthu osalakwa mumtima. Nditaima pansi pa mlambe n'kusuzumira, timipata tonse ta intercooler tinali titatsekeka ndi fumbi, njere za udzu ndi ziwala zouma. Chigubu chimodzi cha madzi ndi mswachi wakale, galimoto inakwera Zobue ngati ilibe tirela.

Kuyambira pamenepo fyuluta ya mpweya ndimaitsegula ndisananyamuke ulendo uliwonse, ndipo waya wa kasensa kaja ndimauona ngati sunasomphoke. Pa galimoto za petulo, sensa ikanama kuti kunja kukuzizira, kompyuta imathira mafuta oposa muyezo.

Zoyenda usiku ine sindikulimbikitsa. Pakati pa Beitbridge ndi Masvingo ng'ombe ndi abulu zimagona pamsewu, ndipo malita asanu omwe ungapulumutse sangagule radiyeta. Ine ndimayesetsa kuwoloka Tete m'bandakucha, liwiro osadutsa 90, matayala a tirela atapopedwa bwino. Katundu wamtali ngati matiresi ndimamugoneka, chifukwa akaima pamwamba amagwira mphepo. Ukamatchula mtengo kwa makasitomala a October, uwerengere dizilo wowonjezera wa chigawo cha Tete.