Funsani Dokotala: Kodi mankhwala a Ayurveda angasungunule zotupa za m'chiberekero?

Adokotala, ndili ndi zaka 38 ndipo ndili ndi ana awiri. Chaka chatha anandiunika pa sikani n'kupeza zotupa zitatu m'chiberekero, chachikulu cha masentimita 7. Ndimasamba masiku 9, ndipo masiku oyambirirawo padi sikhalitsa ola limodzi, mpaka ndimajomba kuntchito. Anandiuza za opaleshoni koma ndikuopa. Mnzanga wakutchalitchi anandilumikiza ndi mayi wina amene amaitanitsa mankhwala a Ayurveda ku India, otchedwa Kanchanar Guggulu ndi Ashokarishta. Akuti ndikamwa miyezi 6 zotupa zisungunuka. Uno ndi mwezi wachiwiri ndikumwa. Ululu wachepako, koma magazi akadali ambiri, ndipo masiku ano ndikakwera kamtunda kapafupi ndimachita wefuwefu. Ndipitirize? — Mayi wa ku Chirimba, Blantyre

Mayi, ndiyambira pomwe mwamalizira, chifukwa wefuwefu ameneyu wandidetsa nkhawa kuposa botolo mukumwalo. Munthu wotaya magazi masiku 9 mwezi ndi mwezi, amene wayamba kubanika pa kamtunda komwe kale ankakwera atasenza katundu, magazi amuchepera. Pitani kuchipatala sabata yomwe ino akakuyezeni. Kwa mayi amene sali woyembekezera, Hb, yomwe ndi muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, siyenera kutsika kupitirira pa 12. Amayi ambiri a nkhani ngati yanu timawapeza ali pa 8 kapena pa 7, akuyenda okha, n'kumati angotopa ndi ntchito. Imani pagalasi, mukokere pansi chikope cham'munsi: mkatimo muyenera kukhala mofiira. Mukakhala motuwa, zikhatho zikayera, mtima ukamamveka kugunda m'makutu usiku, kapena ngati mwayamba kulakalaka dothi, musadikire malipiro a mwezi uno. Thupi limazolowera magazi ochepa, koma mtima ndi umene umavutika, chifukwa umapopa mothamanga usana ndi usiku osapuma.

Tsopano za Ayurveda. Si chinthu chimene wina anangopeka dzana. Ndi using'anga wakale wa ku India, wolembedwa m'mabuku monga Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Kumeneko amauphunzitsa m'makoleji, boma linakhazikitsa unduna wake wotchedwa AYUSH mu 2014, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linayamba kumanga likulu loona za mankhwala achikhalidwe mumzinda wa Jamnagar. Chiphunzitso chake chimati thupi limayendetsedwa ndi mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndipo matenda amadza zitatuzi zikasiya kugwirizana. Ululu wa msambo amaunamizira vata amene walephera kutsika bwino, pomwe zotupa amati ndi kapha wadzikundika. N'chifukwa chake amapereka khungwa la mtengo wa kanchanar losakaniza ndi utomoni wa guggulu pofuna kuphwetsa zotupa, ndiponso khungwa la mtengo wa ashoka pofuna kuchepetsa magazi.

Ndikanakonda mukanaona chotupa chimodzi chitachotsedwa, chili m'mbale ya kufiyeta. N'choyera, chozungulira, cholimba ngati nthutumba ya nkhuku, ndipo ukachidula pakati umaona ulusi wa mnofu utapotana. Si mafinya, si magazi oundana, si litsiro loti lingatsukidwe. Ndi mnofu weniweni wa chiberekero umene wakula mopyola, uli ndi mitsempha yake ya magazi, ndipo umadyetsedwa ndi mahomoni a estrogen ndi progesterone. Ichi n'chifukwa chake zotupazi zimanyala mayi akasiya kusamba. Mpaka lero palibe kafukufuku wamkulu, wochitidwa mosamala, amene wasonyeza kuti Kanchanar Guggulu kapena chitsamba china chilichonse chimathetsa chotupa cha masentimita 7. Zimene zinasindikizidwa ndi nkhani za odwala ochepa, kawirikawiri popanda gulu lina lowayerekezera nalo. Maumboni amene mumawerenga pa WhatsApp ali ndi vuto lomweli. Mayi wa zaka 49 akamwa mankhwala kwa chaka n'kupeza zotupa zachepa, amayamika botolo, chonsecho msinkhu ndiwo wagwira ntchito. Komanso anthu awiri akayeza chotupa chimodzi pa makina awiri, manambala amatha kusiyana ndi sentimita yathunthu.

Mukati ululu wachepako, ndikukhulupirira. Koma kuchepa kwa ululu ndi kuchepa kwa chotupa n'zinthu ziwiri. Dziwaninso kuti Ashokarishta amamukonza pomusiya kuti awire, choncho muli mowa pang'ono. Ogulitsa ambiri sanena zimenezi.

Pali china chimene chimandiwawa mtima pa malonda awa. Nthambi ina ya Ayurveda, yotchedwa rasa shastra, imathira dala phulusa la zitsulo m'mankhwala. Mu 2004 ofufuza a ku Boston ku America anagula mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda m'masitolo, n'kupeza kuti 14 inali ndi mtovu, mekyule kapena aseniki. Mu 2008 anayeza ena ogulidwa pa intaneti, ndipo zinafanana: pafupifupi botolo limodzi pa mabotolo asanu alionse. Zitsulozi zinapezeka kwambiri m'mankhwala a rasa shastra, koma ngakhale ena olembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha anali nazo. Tsono taganizani: mtovu ukalowa m'thupi umachepetsa magazi, umapotokola m'mimba, umadzimbiditsa, umaononga impso. Ndi zizindikiro zomwezo zimene mayi wa zotupa amakhala nazo kale. Akhoza kumadwala ndi mankhwalawo n'kumaganiza kuti ndi zotupa zakula, kenako n'kuonjezera mlingo. Mukaona mawu akuti bhasma kapena rasa pa botolo, lisiyeni. Mankhwala obwera m'chikwama cha munthu sanadutse ku bungwe la PMRA limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo wokugulitsaniyo, ngakhale ali ndi mtima wabwino, sanaone zimene zinalowa mumtondo.

Malangizo anga ndi akuti muimitse kaye mankhwalawo, muwatenge onse m'mabotolo ake popita kuchipatala, ndipo mukanene mosabisa kuti mwamwa kwa nthawi yaitali bwanji. Zimenezi n'zofunika koposa ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga. Guggulu amadziwika kuti amachepetsa mphamvu ya mankhwala ena a BP.

Ndikuonanso kuti mantha a opaleshoni ndi amene anakuthamangitsani, ndipo mwina palibe anakhala nanu pansi kukuuzani kuti pakati pa kungokhala ndi mpeni pali njira zingapo. Pali mapiritsi a tranexamic acid, omwa masiku atatu kapena anayi okha amene magazi amachuluka. Sachotsa chotupa koma amachepetsa kutaya magazi. Pali mapiritsi olerera ndi jakisoni. Pali lupu ya mahomoni, imene imathandiza kwambiri ngati zotupa sizinapotoze mkati mwa chiberekero. Musaisokoneze ndi lupu ya kopa, chifukwa imeneyo imatha kuchulukitsa magazi. Mapiritsi a ayironi muwamwe mosadumphitsa, ndipo mupitirize miyezi itatu ngakhale Hb itakwera. Chimbudzi chidzada, musaope. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Mwerani madzi a malambe kapena lalanje. Bonongwe, nyemba, usipa ndi chiwindi n'zabwino, koma pamene mwafikapa chakudya chokha sichingabweze zimene mukutaya.

Opaleshoni nayo ili mitundu iwiri: kuchotsa zotupa zokha chiberekero n'kutsala, kapena kuchotsa chiberekero chonse. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madokotala a matenda a amayi amene amachita zimenezi. Kafunseni mtundu umene ankanena ndi chifukwa chake. Opaleshoni yokonzekera, munthu ali ndi magazi okwanira, ndi yosiyana kutali ndi ya pakati pa usiku, achibale akuthamanga kufunafuna wopereka magazi.

Zotupazi n'zofala kwambiri mwa ife anthu akuda. Kafukufuku wa ku America wa mu 2003 anapeza kuti pofika zaka 50, amayi akuda oposa 8 mwa 10 alionse amakhala nazo, ambiri osadziwa. Kawirikawiri si khansa. Komabe, poti mwapita kale kuchipatala, kayezetseni khomo la chiberekero, makamaka ngati mumaona magazi pakati pa mwezi kapena mukakhala malo amodzi ndi bambo. Khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri m'dziko muno, ndipo kukhala ndi zotupa sikutanthauza kuti magazi onse akuchokera kumeneko.

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Mwezi uliwonse cham'mimba chimamugoneka masiku awiri, amasanza, sapita kusukulu. Agogo ake akuti zidzatha akadzabereka. Ndinaona vidiyo ya dokotala wa Ayurveda akunena za jinja, mafuta a nsatsi ndi chitsamba china chotchedwa ashwagandha. Ndimupatse? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Apa nkhani ndi yabwinoko, mayi. Cham'mimba cha atsikana ambiri sichichokera ku chotupa. Msambo ukamayamba, chiberekero chimatulutsa timadzi totchedwa prostaglandin timene timachifinya mwamphamvu, ndipo timadzi tomweti ndi timene timasanzitsa ndi kutsegula m'mimba.

Pa zitatu mwatchulazo, jinja ndi amene ali ndi umboni. A Ayurveda akhala akugwiritsa ntchito jinja wouma kuyambira kale, ndipo akafukufuku angapo ang'onoang'ono anapeza kuti ufa wake, pakati pa mamiligalamu 750 ndi 2,000 patsiku m'masiku atatu kapena anayi oyamba, umachepetsadi ululu. Simukusowa botolo la ku India. Wa pamsika wa Nsungwi yemweyo ndi wokwanira. Theka la supuni yaing'ono ya ufa m'madzi otentha, kawiri patsiku, atadya kaye. A Ayurveda amalangizanso kutenthetsa pamimba, ndipo pamenepa akunena zoona: botolo la madzi otentha lokulungidwa m'chitenje, loikidwa pachinena, limathandiza ndithu.

Mafuta a nsatsi asamwe. Amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo mwana wosanza kale angathe madzi m'thupi. Ashwagandha nayenso ayi: pa cham'mimba alibe umboni, anthu ena anatupa naye chiwindi, ndipo dziko la Denmark linamuletsa mu 2023.

Chimene ambiri amaphonya ndi nthawi yomwera ibuprofen. Amadikira mpaka mwana akugubuduka pamphasa, pomwe timadzi tija tatuluka kale. Ayambe akangoona dontho loyamba kapena akangomva kukoka m'chiuno, mamiligalamu 400 katatu patsiku, atadya, kwa masiku awiri kapena atatu. Ngati ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, kapena mphumu imene imabuka akamwa asipilini, afunse kaye kuchipatala.

Mukayesa izi miyezi itatu akadagonabe, kapena ululu ukamayamba masiku angapo msambo usanafike, kapena akamamva kuwawa pochita chimbudzi ali kumwezi, mupite naye kwa dokotala wa amayi mukatchule matenda a endometriosis, omwe amachitika mnofu wofanana ndi wa mkati mwa chiberekero ukamera kunja kwa chiberekerocho. Atsikana ambiri amakhala nawo zaka zambiri akuuzidwa kuti alimbe mtima. Dokotala akamulembera mapiritsi olerera musakhumudwe; pamenepo ndi mankhwala, ndipo samuletsa kudzabereka. Za agogo, n'zoona kuti kwa amayi ena ululu umachepa akabereka, koma mwanayu mayeso a Fomu 4 ali pakhomo, ndipo masiku awiri pamwezi ndi maphunziro ambiri.

Adokotala, ndili ndi zaka 41, sindinaberekepo, ndipo ndili ndi zotupa za m'chiberekero. Ine ndi amuna anga tasunga ndalama zoti ndipite ku Kerala ku India ndikachite panchakarma, kuphatikizapo kuthira mafuta m'chiberekero. Akuti zimatsegula njira. Mukuti bwanji? — Mayi wa ku Johannesburg

Ndikumva kulemera kwa nkhaniyi, mayi, ndipo ndikuyankhani mosazungulira. Panchakarma ndi kupaka mafuta, kufukiza, kutsegula m'mimba ndi kusala zakudya zina kwa masabata angapo. Ambiri amabwerako thupi litapepuka, koma zotupa zimabwerera limodzi nawo. Kuthira mafuta m'chiberekero, kumene amati uttara basti, sindingakulimbikitseni: chilichonse cholowa mmenemo chikhoza kutenga tizilombo n'kukafika m'machubu, ndipo machubu akatupa amatsekeka.

Pa zaka 41 chimene chikukutherani msanga ndi mazira, ndiye mwezi uliwonse ndi wamtengo wapatali. Si chotupa chilichonse chimene chimaletsa mimba. Chovuta kwambiri ndi chija chotulukira mkati mwa chiberekero, momwe mwana amakhala, ndipo nthawi zambiri chimachotsedwa ndi kachipangizo kolowera kunjira ya amayi, osang'amba pamimba. Choncho funso loyamba ndi lakuti zotupa zanu zili pati. Lachiwiri, machubu ali otseguka kodi? Lachitatu, bambo anayezetsa umuna? Kuyeza kumeneku n'kotchipa kuposa zonse, ndipo m'mabanja ambiri vuto limapezeka kumeneko mayi atamwa kale zitsamba zaka zisanu.

Zonsezi zimachitika ku Johannesburg komweko. Pakakhala wina wokuuzani za njira yotseka mitsempha yodyetsa zotupa, muuzeni msanga kuti mukufuna mwana, chifukwa njirayo si yoyamba kusankha kwa ofuna kubereka. Ndalama mwasungazo muyambe mwaonana nazo ndi dokotala wa za kubereka mwezi uno, nonse awiri, mutatenga zotsatira za sikani zonse zimene muli nazo.