Kwa achemwali a okala ya maswiti amene akufuna kumanga

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndisanayankhe chifukwa nkhani yanuyi ndi ya kwathu yeniyeni. Mwati muli ndi kaokala ka maswiti, mabisiketi ndi mafilizesi pafupi ndi sukulu ya pulaimale, pa kauntala mumasinthana inuyo, apongozi anu aakazi ndi alamu anu, lendi yakutopetsani, nde bambo akunyumba akuti mugulitse katundu yense wa mushopu, muonjezere ya katapila mugule puloti yomwe yapezeka, shopu muzayambiranso patsogolo. Ine ndikuti ayi, musatero chonde. Nyumbayo mumanga ndithu, koma imangidwe ndi phindu la okalayo, mpamba musaukhudze.

Ine ndinakulira mu geni yomweyi ku Bangwe. Mayi anga anayamba ndi katebulo panja pa geti la sukulu, mabotolo atatu apulasitiki akuluakulu aja, lina la maswiti a pakamtengo, lina la chingamu, lina la matofi, pambali beseni la mandasi lovundikira ndi kansalu koyera. Belu la buleki likangolira ana amabwera chigulu, aliyense ndalama yake itafunda mmanja, ena kuloza ndi chala osayankhula. Kenako panabwera okala ya malata, kenako filiji. Fizi yanga yonse inachoka mmenemo. Koma kwa zaka zisanu zoyamba tinkagulitsa tsiku ndi tsiku osaona kumene ndalama ikupita, mpaka mayi anayamba kuganiza kuti mwina pali wina akutichita chitaka. Kunalibe chitaka, anali manja athu omwe a pakhomo.

Tiyerekeze chonchi, mitengoyi ndangoika kuti masamu aoneke, inu muikepo yanu ya lero. Paketi ya maswiti mwaoda K5,000 ku Limbe, muli maswiti 50, mukugulitsa K150 imodzi. Mukamaliza paketi yonse mwapeza K7,500, phindu K2,500. Tsopano mwana wanu watengapo awiri popita ku sukulu, alamu apatsako anzawo atatu, kwabwera mlendo ndi kamwana kolira apongozi atapa atatu kuti katonthole, awiri asungunuka ndi dzuwa la Okutobala amatirira ku pepala. Apita khumi, K1,500 yapita, phindu latsala K1,000, ndipo simunachotse ya minibasi yokaodera, majumbo, mayunitsi a magetsi a filiji. Palibe waba apa, aliyense anangotenga kamodzi. Koma geni ya maswiti phindu lake ndi timadontho, ukataya tochepa chidebe sichidzadza.

Chimene chinatipulumutsa ndi kabuku ka hadikava kamene mayi anagula, anakamangirira ndi chingwe pa msomali wa kauntala pamodzi ndi bolopeni. Aliyense wotenga kanthu amalemba, kaya ndi machesi kaya ndi switi imodzi, ngakhale bambo anga amalemba. Poyamba kunali kunyinyirika kuti ndiye takhala alendo pa shopu pathu pomwe, koma pakutha pa mwezi mayi anasonkhetsa tikuona tonse, panalibe anatsegula pakamwa. Kuchokera pamenepo ana tinapatsidwa kabotolo kathu kapadera, kakatha katha mpaka Lolemba linalo. Lamulungu madzulo tikachoka ku tchalitchi timawerenga katundu yense pa mphasa, paketi ndi paketi, kuti tidziwe mpamba ulipo wochuluka bwanji.

Za apongozi ndi alamu zija ndiyankhule mosabisa, poti ndi pamene mabanja ambiri amasemphana. Munthu amene amakhala pa kauntala tsiku lonse osalandira kanthu amadzilipira yekha, ndipo sindimuweruza, naye akufuna sopo ndi mayunitsi. Apatseni kangachepe kodziwika pa mwezi. Chinanso khalani pansi nonse mufunsane kuti okalayi mwini wake ndani, anaika mpamba woyamba ndani, chifukwa ngati apongozi amaona kuti shopu ndi yawonso ndiye kuti nyumba yomangidwa ndi ndalama za mmenemo azaitenga ngati ya banja lonse. Nkhanizi zimaoneka zamwano kuziyamba anthu mukugwirizana koma zimapweteka kwambiri zikatuluka pa maliro. Lamulo la za chuma cha masiye la 2011 lilipo ndithu ndipo limaletsa kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana, komabe ndibwino dzina lanu ndi la amuna anu onse awiri akhale pa mapepala a malowo kuyambira tsiku loyamba.

Ngongole za a neba ndi aphunzitsi zoti ndizapereka pakutha pa mwezi, ikani malire. Mayi anali ndi tsamba la anthu otere, wina akapanda kubweza mwezi umodzi basi samupatsanso, ndipo amamuuza mwaulemu kuti achimwene ndalamayi si yanga ndi ya katundu.

Tsopano za bajeti ya nyumba. Ndalama ikalowa muigawe patatu tsiku lomwelo isanagone, yoodera katundu ibwerere yonse ku shopu, yodyera ndi lendi payokha, yotsalayo ndiye ya nyumba. Ya nyumbayo isagone mu chitini cha chenje, itumizeni ku TNM Mpamba kapena Airtel Money pa layini imene simuyenda nayo, kapena ku banki mkhonde, kapena ku SACCO ngati ilipo pafupi. Ndipo poyeza kuti mungamasunge zingati musayezere mwezi wabwino. Geni ya pa sukulu ili ndi nyengo zake, inu mukudziwa. Okutobala ndi Novembala mafilizesi a malambe amatha isanakwane 12 koloko, bola magetsi asazime usiku. Juni ndi Julaye kukuzizira palibe mwana amawayang'ana, nthawi imeneyo zimayenda ndi mandasi ndi zitumbuwa zamoto. Holide yaikulu ya Ogasiti geti la sukulu limangoti zii. Januwale ndi Febuluwale makolo ali pa fizi, feteleza ndi ufa, mwana amabwera ku sukulu chimanjamanja. Tengani mwezi woipitsitsawo, chimene mungakwanitse kusunga mmenemo ndiye muyezo wanu, miyezi yabwino muzingoonjezera pamwamba.

Katapila ndiye ndikukupemphani muiwale. Akatapila ambiri amafuna theka pamwamba pakutha pa mwezi umodzi, mwatenga K400,000 mubweze K600,000, ndipo nthawi imeneyo shopu mwagulitsa kale, nde mubweza ndi chani? Puloti siibereka ndalama, imangokhala phee kumera udzu. Ndinaona ndi maso anga banja lina la pafupi ndi ife linachita zomwe akunena amuna anuzi, miyezi itatu isanathe wakatapila anazanyamula filiji ndi sofa, pamapeto puloti yomweyo anaigulitsa motchipa kuti athane naye, anatsala opanda shopu opanda malo, akadali pa lendi. Ngakhale ku banki chiwongoladzanja zaka zimenezi chakhala chokwera kwambiri, mu 2024 Reserve Bank inafikitsa chake pa 26 peresenti ndipo mabanki amaikanso chawo pamwamba, switi ya K150 singathamange liwiro limenelo.

Komanso sindikuti musunge ndalama zaka zitatu ili chikhalire, apa amuna anu ali ndi mfundo ndithu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika K1,700 tsiku limodzi. Amene anali ndi ndalama ya malata 30 mu akaunti anadzuka ikukwana ochepa. Ife a maswiti tinaziona kawiri, chifukwa zambiri za mmabotolozi zimachoka kunja, ndiye kunabweranso kusowa kwa shuga kuja kwa 2024 anthu kuima pa mizere, mandasi ndi mafilizesi kuvuta kupanga. Ndiye ndalama ikakwana chinthu, gulani chinthucho. Malo poyamba, ndipo eni malo ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono mukalemberana bwino. Mukatero malata, mafelemu a zitseko ndi mawindo, misomali, waya, zimenezi sizionongeka mukaziika pouma. Simenti yokha musamasunge, ikakhala miyezi ingapo imagwirana kukhala mwala, muzigula mmisiri ali kale pamalopo.

Pa puloti yapezekayo, mawu oti ndi yachangu mawa ipita ndi amene amandiopsa. Ife tinapwetekapo. Tinalipira theka kwa bambo wina amene anatilozera malo abwinobwino, mango awiri pakona, titapita ndi mmisiri kukayeza tinapeza munthu wina wathira kale mchenga, naye ali ndi kalata yake ya malo omwewo. Ndalama ija inabwera modukizaduka patatha chaka ndi theka, ina sinabwere. Mayi anadwala nayo nkhani imeneyi, anali atasunga ma K50 a ana asukulu zaka ziwiri. Nde inu musanatulutse ngakhale tambala pitani kwa amfumu a deralo nokha popanda wogulitsayo, funsani oyandikana nawo mbali zonse kuti malowa ndi a ndani ndipo malire akudutsa pati, ngati ndi malo a banja abale ake avomereze ndi kusaina, ngati ndi mu tauni kafunseni ku khonsolo kapena ku Lands ngati si malo a msewu, a sukulu kapena a pansi pa mawaya a magetsi. Polipira pakhale mboni ndi kalata, ndipo ndalama idutse pa foni kapena ku banki kuti umboni utsale. Kaoneninso malowo mvula itagwa. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zimene zinachitika ku Chilobwe mmunsi mwa phiri la Soche, puloti yotchipa ya mphepete mwa phiri kapena mu dambo muiganizire kawiri.

China chimene simunatchule, pulotiyo ili kutali bwanji ndi sukuluyo? Makasitomala anu ndi ana a pa geti limenelo, sakutsatirani. Ngati mukasamuka muzikwera minibasi ziwiri kupita ndi kubwera, transipoti izadya phindu lonse, ndiye muwerengeretu ngati apongozi angatsale pa okala yakaleyo inu nkutsegula kawindo kena ku malo atsopanowo.

Pomanga musayambe ndi pulani ya zipinda zinayi. Ife tinayamba ndi ziwiri ndi pabalaza, kumbuyo kwa puloti, kutsogolo tinasiya malo. Chaka choyamba chilimwe tinaumba njerwa nkuotcha, masiku ano ena akusankha mabuloko a simenti poti nkhuni zadula ndipo mitengo yatha, funsani mmisiri akuwerengereni zonse ziwiri. Chaka chachiwiri fawundeshoni mpaka pa windo, chachitatu bimu ndi denga. Khoma likagona mvula lisanafoleredwe muphimbe pamwamba ndi pulasitiki. Mmisiri muzimulipira pa gawo limene wamaliza, osati yonse patsogolo, ndipo matumba a simenti wina wa pakhomo aziwerenga mmawa ndi madzulo ngati mmene mumawerengera mapaketi a bisiketi. Mu bajeti anthu timakumbuka njerwa ndi malata nkuiwala chimbudzi ndi bafa, madzi omangira amene amagulidwa pa ndowa, mchenga, miyala ya kwale, galimoto yotuta, chakudya cha anyamata, mlonda, kenako kulowetsa madzi ndi magetsi. Zimenezi mukazisonkhetsa zimakwana chipinda china chathunthu.

Tinalowa mnyumba mwathu mulibe pulasitala, pansi pa chipinda chimodzi pali dothi, mmawindo titakhoma masaka a shuga ochokera ku okala konko. Ndalama imene inkapita kwa alandilodi ndi imene inagula magalasi ndi simenti ya pansi mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi yonseyo okala sinatsekedwe ngakhale tsiku limodzi, mayi amadzuka 4 koloko kukazinga mandasi monga kale.

Bambo akunyumbawo musawayankhe ndi mkangano, nawonso lendi ikuwawawa ngati inu. Lamulungu likubwerali yalani mphasa muwerenge limodzi katundu yense ali mu shopu, mulembe, muzawerengenso pakatha masabata anayi kabuku kaja kakugwira ntchito. Mukapeza nambala yeniyeni ya phindu la pa mwezi mupite nayo kwa mwini pulotiyo mukamufunse ngati angalandire mwa magawo. Mukatero mubwere muzatiuze zimene wanena komanso dera lake, alipo ambiri muno amene anagulako malo mbali zosiyanasiyana angakuuzeni mmene kumakhalira nthawi ya mvula.