Liwu lokoka m'chiyankhulo chopeka: mulilembe bwanji?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akupeka chiyankhulo cha anthu a m'nthano yake, ndipo akufunsa kuti: "Malembo aliwu ena ndi okoka, ena ndi achidule. Ndiike kachizindikiro pamwamba, kapena ndilembe lembolo kawiri?"

Zikomo pondifunsa. Choyamba, dzifunseni ngati kukokako kukusintha tanthauzo la mawu. M'Chichewa timakoka liwu la phatikizo lotsatizana ndi lomaliza tikafika kumapeto kwa chiganizo. Nenani mokweza kuti "ndikupita kumunda", mumva mu akutalikirapo. Sitilemba kumuunda chifukwa aliyense amakoka yekha ndipo tanthauzo silisintha. Ngati chiyankhulo chanu chili chotero, musavutike, siyani osalemba.

Koma ngati chili ngati Chibemba cha ku Zambia, nkhani ndi ina. Kumeneko ukupepa ndi kupemphera, pomwe ukupeepa ndi kusuta fodya. Mukaonjezera e mmodzi, m'busa mwamusutitsa. Ku Finland nako, tuli ndi moto, tuuli ndi mphepo. Apa kukoka kuyenera kuoneka papepala.

Njira zilipo zingapo. Amaori a ku New Zealand ambiri amaika kamzere pamwamba, monga m'dzina lawo lomwe, Māori. Ku Hungary ndi ku Czech Republic amaika kamzere kopendekeka, í, ú. Koma ine ndikukulangizani kulemba lembolo kawiri, ndipo chifukwa changa ndachiona ndi maso kwathu konkuno. Taonani zomwe zachitikira ŵ. Dzina la dziko lathu ndi Malaŵi, koma ndi angati amene amasaka kadenga kaja pa foni polemba uthenga pa WhatsApp? Kanagwa mwakachetechete, ndipo ana ambiri lero sadziwa n'komwe kuti kanalipo. Zimandiwawa, chifukwa kamanyamula katchulidwe kenikeni. Chizindikiro chovuta kulemba anthu amachitaya, pomwe aa kapena oo chala chimangogunda kawiri basi.

Msampha wa njira imeneyi ndi umodzi, ndipo ife Achewa tiyenera kuudziwa bwino. Tikalemba kuuma kapena kuuza, ma u awiriwo si liwu limodzi lokoka ayi. Ndi ku- wakumana ndi -uma, maphatikizo awiri oyandikana. Ngati m'chiyankhulo chanu zonse ziwiri zimachitika, wowerenga akaona uu sadzadziwa ngati akoke kapena adule. Mungathe kuika kamzere pakati pa maphatikizowo, u-u, kapena kukhazikitsa lamulo loti malembo aliwu ofanana akakumana amasungunuka n'kukhala limodzi lokoka. Lachiwirili ndi lomwe ndingasankhe, chifukwa pakamwa pa munthu woyankhula mofulumira zimachitika choncho kale.

Musanatsimikize, lembani mawu khumi awiriawiri osiyana pa kukoka kokha, mupatse mnzanu amene sanamvepo chiyankhulocho kuti awerenge mokweza. Pamene wapunthwa, muikepo chizindikiro ndi pensulo, mundilemberenso tikaonere limodzi.