Za RNA yofanana ndi ya mbewa, ndi nkhani ya khansa

Achemwali, mwati mwawerenga kuti m'thupi mwa munthu muli RNA yofanana ndendende ndi ya mbewa ndipo ikukhudzana ndi khansa, ndiye mukufunsa ngati ife a ku Kasungu odya mbewa tili pachiopsezo. Mtima pansi. RNA ndi uthenga umene thupi limakopera kuchokera ku DNA, ndipo DNA ili ngati buku la malangizo limene timatengera kwa makolo athu. RNA imeneyo silowa ndi ndiwo. Tonse timabadwa nayo, ngakhale amene mbewa sanailaweko.

DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, koma gawo lopanga mapuloteni, zinthu zimene zimamanga thupi ndi kugwira ntchito zake, silikwana 2 pa 100 iliyonse. Lotsalalo anthu ankalitcha zinyalala. Kenako zinadziwika kuti mbali yaikulu imakopedwa kukhala RNA yosapanga puloteni, ndipo ina mwa iyo ndi imene imayang'anira anzake. Ili ngati kapitawo wa pa esiteti ya fodya. Iye sathyola tsamba, sasoka ndawala, koma ndi amene amati apa yambani, apa lekani. Akasowa, ntchito imapitirira popanda woiletsa, ndipo selo, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi, ikamagawikana popanda woiletsa ndiyo khansa imeneyo.

Za mbewazo zinabwera mu 2004. Gill Bejerano ndi anzake a ku University of California, Santa Cruz anayerekeza DNA ya munthu, mbewa ndi khoswe. Anapeza zigawo 481, chilichonse cha zilembo 200 kapena kuposa, zosasiyana ngakhale chilembo chimodzi. Apa mpamene ine ndimazizwa, chifukwa m'badwo wa munthu unapatukana ndi wa mbewa ndi khoswe zaka zoposa 70 miliyoni zapitazo, ndipo DNA imasinthasintha m'badwo uliwonse. Malo amene akhala osasintha nthawi yonseyo ndiye kuti thupi silifuna kuti agwedezeke.

Mu 2007 George Calin ndi Carlo Croce anaonetsa kuti zigawo zambiri mwa izi zimakopedwa kukhala RNA, ndipo kuchuluka kwake kumasokonekera mu khansa ya m'magazi, ya m'matumbo ndi ya chiwindi. Awiri omwewa mu 2002 anali atapeza kuti odwala ambiri a khansa ya m'magazi yotchedwa CLL alibe tiRNA tiwiri ting'onoting'ono, miR-15 ndi miR-16, kapena ali nato tochepa kwambiri. Ntchito ya timeneti ndi kuchepetsa puloteni ya BCL2, imene imaletsa selo kufa. Tikasowa, BCL2 imachuluka, maselo oyenera kufa amakana kufa, nkumaunjikana m'magazi. Palinso RNA ina yaing'ono yotchedwa let-7, imene imapezeka mu kanyongolotsi kotalika milimita imodzi, mu ntchentche ndi mwa munthu. Imapondereza RAS, puloteni youza selo kuti igawikane, ndipo mu khansa ya m'mapapo kawirikawiri imakhala yochepa. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, amene anatulukira tiRNA ta mtundu uwu, analandira mphoto ya Nobel mu 2024.

Musaone ngati nza kutali. Khansa ya Kaposi, ya mabanga akuda pakhungu ija, imayamba ndi kachilombo kamene kamapanga tiRNA take take tosokoneza selo. Kachilombo ka Epstein-Barr, kokhudzana ndi khansa ya Burkitt imene imatupitsa ana nsagwada, nakonso kamatero.

Koma chondidetsa nkhawa nchoti nkhani ngati izi zikafika pa foni, ogulitsa mankhwala amazitola msanga. Wina akakuuzani kuti ali ndi botolo lokonza RNA, sungani ndalama zanu. Akatswiri enieniwo anayesa mankhwala otchedwa MRX34, obwezera m'thupi kaRNA kakang'ono kotchedwa miR-34, ndipo analeka mu 2016 chifukwa odwala ena chitetezo chawo cha m'thupi chinalusa koopsa. Kafukufuku akupitirira, koma njira ikadali yaitali.

Chimene chili pafupi ndi inu ndi ine nchoti khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri m'Malawi muno, imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Kwa akuluakulu kuli kuyezetsa kuchipatala cha boma. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, nkudikira mphindi imodzi, nkuunika ndi getsi. Pamene maselo ayamba kusokonekera pamatuwa mbuu, ndipo malo oterowo akapezeka akadali aang'ono amatha kuwatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo asanasanduke khansa.