Ana achitenji kukazizira ku Mzuzu, m'thumba muli mopepuka?

Mayi wina wa ku Chibavi watilembera imelo. Ali ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 12, wamng'ono wa zaka 4. Akuti Juni akangolowa anawo amangounjikana m'nyumba, kulimbirana foni ndi bulangete, ndipo ndalama zopita nawo kokasangalala palibe. Akufunsa kuti achite nawo chiyani mpaka kuzizira kuthe.

Mayi, poyamba penyani mmene tsiku limayendera kuno. Mzuzu ali pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake Juni ndi Julaye amaluma chonchi. Koma kuzizirako sikukhala kofanana tsiku lonse. Kumavuta m'mamawa kukakhala nkhungu, ndiponso dzuwa likangolowa. Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko masana, ngati sikukuwaza, panja pamafunda kuposa m'nyumba ya simenti. Loweruka ndi masiku a holide, maola amenewa ana asakhale m'nyumba. Mwana wothamanga samva chisanu, amene amanjenjemera ndi wongokhala pampando.

Masewera ambiri safuna ndalama: fulaye, phada, jingo, mpira wachikulunga. Koma nyengo ino ili ndi mphatso yake, mphepo, ndiye apangireni kaiti. Pezani timitengo tiwiri ta nsungwi topala bwino, kena ka masentimita 60, kena ka 45. Kakafupiko kapingase pa kakatali, masentimita 15 kuchokera kumutu, mumange zolimba. Dulani jumbo yaikulu molingana ndi nsonga zinayizo, muimangirire pa nsonga iliyonse. Ulusi ungachoke pa thumba lakale la ufa, kulisomola n'kulumikiza. Chimene ana ambiri amalakwitsa ndi mchira. Kaiti ikamangozungulira n'kugwa chamutu, mchira wafupika kapena wapepuka. Onjezerani nsanza mpaka utalike mamita awiri kapena atatu. Ikamapendekera mbali imodzi, kamtengo kopingasa sikali pakati. Akaulutsire pa bwalo la sukulu, kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo ikakodwa pa waya aisiye pomwepo. Musalole mwana kuikola ndi mtengo.

Wamkuluyo mpatseni ntchito yoti azinyadira. Mpiru, repu ndi chainizi zimakonda nyengo yozizira, ndipo ngakhale pa nyumba ya lendi malo a thumba limodzi sasowa. Tengani thumba la makilogalamu 50, sakanizani ndowa ziwiri za dothi ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana, muzibwereza mpaka lidzaze. Pakati pa thumba pakhale mzere wa timiyala kuchokera pansi mpaka pamwamba, kuti madzi azifika ponseponse. Boolani m'mbali motalikana masentimita 15, mubzale mbande za masabata atatu kapena anayi, madzulo. Manyowa aawisi amaotcha mizu, ndiye musawagwiritse ntchito. Thumba liikidwe pamene dzuwa limafika nthawi yaitali, chifukwa pamthunzi mbewu zimangotalika zopyapyala. Nsabwe zikayamba kupinda masamba, sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira m'malita asanu a madzi, muwaze kunsi kwa masamba madzulo. Pakatha mwezi mwayamba kuthyola, ndipo ndalama ya ndiwo yatsala m'thumba.

Tsopano madzulo, pamene mkangano umayambira. Ife timalangiza kuti chakudya chimene mukanadya kale chisanduke chochita cha banja lonse, osati kugula china chapadera. Mbatata ikuchuluka pamsika nyengo ino. Mukamaliza kuphika, ikwirireni m'phulusa lotentha, osati pa moto wa malawi, chifukwa malawi amapsereza khungu m'kati muli muwisi. Ya kukula ngati dzanja la mwana imapsa pa mphindi 30 kapena 40; bayani ndi kamtengo, kakalowa mosavuta yapsa.

Tsiku lina phikani chigumu, ana ndiwo akande. Makapu awiri a ufa wa mgaiwa, nthochi zitatu zakupsa kwambiri (zija zakuda makoko zimene amagulitsa motchipa madzulo ndizo zabwino), masipuni awiri a shuga, kamchere pang'ono, theka la sipuni yaing'ono ya soda, ndi madzi okwanira kuti zikhale ngati phala lolimba. Wa zaka 4 aphwanye nthochi, ntchito imeneyo amaitha. Pakani mafuta m'poto, thirani, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Makala ambiri akhale pamwamba pa chivundikiro, pansi pakhale ochepa chabe. Mukachulutsa pansi, chimapserera kunsi pakati pali pamadzi. Soda akachuluka chimawawa ndipo chimada. Pakatha mphindi 35 lowetsani mpeni, ukatuluka wouma tsitsani.

Apa tikupempheni chinthu chimodzi, ndipo tikunenetsa. Mbaula isagone m'nyumba. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka komanso wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo ana ndiwo amayamba kugwa. Otherani moto pakhonde kapena m'khitchini yotsekula zenera. Wina akayamba kudandaula mutu, tulukani nonse panja msanga, ndipo amene wafooka mupite naye kuchipatala. Wamng'onoyo asakhale pafupi ndi mbaula atavala juzi ya nayiloni kapena atafunda chitenje cholendewera. Ngati m'banjamo muli wodwala khunyu, akhale patali ndi moto nthawi zonse. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira.

Poyembekeza kuti chigumu chipse, foni ikhale m'chipinda. Yambani ndi ndagi, ana ayankhe "gize". Kenako nthano, "padangokhala", iwo "tili tonse". Ngati agogo ali pafupi aitaneni, anene vidokoni m'Chitumbuka, ana amve zinenero zonse ziwiri. Lamulo labwino ndi loti aliyense, ngakhale wamng'ono, akhale ndi usiku wake wofotokoza. Bawo nayo sifuna thabwa logula: kumbani maenje 32 pakhonde la dothi, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, mutole timiyala 64, tiwiri pa dzenje lililonse. Mwana amaphunzira kuwerengera osadziwa kuti akuphunzira.

Tsiku lowaza mvula, m'tauni muli laibulale ya National Library Service, mmene ana angakhale n'kuwerenga, komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Mzuzu Museum. Pitani mutadya kale kunyumba, popeza chimene chimadya ndalama m'tauni ndi tchipisi ndi zakumwa, osati khomo.

Ngati mungathe kusunga pang'onopang'ono, ndalamazo zipite pa ulendo umodzi wa ku Nkhata Bay. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo msewu umatsika mamita oposa 700, kotero mukafika kunyanja majuzi mumavula. Nyamukani m'mawa, mutenge mbatata yophika, mtedza wokazinga, botolo la thobwa ndi madzi akumwa. Mtengo wa minibasi mugwirizane musanakwere, ndipo mufunsiretu ngati wamng'onoyo alipire akakhala pamiyendo. Msewuwo ndi wokhotakhota, mwana amene amasanza m'galimoto akhale pafupi ndi zenera ndipo jumbo ikhale pafupi. Miyezi imeneyi kunyanja kumaomba mwera, mafunde amakula mwadzidzidzi, choncho ana asewere m'madzi ofika m'mawondo, wamkulu ataima pomwepo. Pewani malo a bango ndi madzi odikha, chifukwa ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Pofika 3 koloko yambani kubwerera, ndipo majuzi aja akhale pamwamba m'chikwama, chifukwa mukamakwera phiri kulowa mu Mzuzu dzuwa litapendeka mudzawafuna musanatsike n'komwe pa depoti.